Thonje la ku Chingale, malaya a pa kaunjika

Sabata ino makalata abwera ambiri, koma pali imodzi yomwe yandisowetsa tulo. Yachokera kwa bambo wina wa ku Chingale. Akuti: "Mbewu ndinagula, mankhwala a mbozi ndinapopera mpaka msana kuwawa, aganyu otola ndinawalipira. Ngongole itandipana ndinagulitsa kwa venda pakhomo, ndalama yonse n'kuthera pomwepo. Malaya ndavalawa ndi a pa kaunjika. Kodi thonje langa limapita kuti?"

Bambo anga, pepani. Thonje lanu likachoka pa sikelo limapita kofakitale yochotsa njere. Njerezo amayenga mafuta ophikira, zotsalira zake amadyetsa ng'ombe. Thonje loyeralo, lambiri amalimanga m'mabelo n'kulitumiza kunja, ndipo phindu lenileni lili kumeneko: kupota ulusi, kuluka nsalu, kusoka. Inu mumatsala ndi thukuta. Akuluakulu akukumbukira bwino nthawi imene nsalu za David Whitehead za ku Blantyre zinkaveka dziko lino. Masiku ano ku Ulaya akukambirana za zovala zosawononga chilengedwe, poti kumeneko chovala amachitaya chisanathe n'komwe. Zina mwa zotayidwazo ndi mabelo omwe timalimbirana mu msika wa Zomba. Kaunjika sindikumunyoza ayi, waveka ana athu ambiri. Koma ngati a ku Ulayawo akufunadi kukonza zinthu, ayambire pa mtengo umene mlimi wa ku Chingale amalandira.

Komabe bambo, mundilole ndikudzudzuleni pang'ono, ndipo amve onse amene akhala akundilembera za mavenda. Boma limalengeza mtengo wotsikitsitsa chaka ndi chaka, ndipo kuli bungwe loyang'anira ulimi ndi malonda a thonje la Cotton Council of Malawi lomwe linabwera ndi lamulo la thonje la 2013. Nanga bwanji kugulitsira kuseri kwa nyumba, pa sikelo yomwe simukuidziwa? Lowani mu kalabu, mukagulitse pamodzi pa msika wovomerezeka, maso anu ali pa sikelo.

Mayi a ku Thondwe mukufunsa za mbewu yabwino. Mayi, malo ofufuzira zaulimi a Makoka ali pakhomo panu, ngakhale nsima mutasiya pamoto mukaipeza isanapserere. Kambiranani ndi alangizi.

Achimwene otelala a ku Chinamwali akuti anzawo amawaseka kuti ntchito yawo n'kungoika zigamba. Musafooke achimwene, mathalauza awiri a mwana wanga wa sukulu akubwera kwa inu Loweruka lino.