Kuyeza dimba lokhota: mphunzitsi wa masamu alankhula kwa makolo ku Nkhotakota

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse. Inu a Fomu 4 mwabisala kumbuyoko, senderani kuno, bolodi ili ndi lanu.

Ena mwa inu mwakhala mukundifunsa za kachizindikiro kokhota kamene ana akumadzaza m'makope usiku. Masamu amenewa ndi integration, ndipo amapezeka mu Additional Mathematics, imene MANEB imayesa pa MSCE. Kachizindikiroko anakayambitsa ndi Leibniz wa ku Germany mu 1675, pamene Newton ku England anali atapeza kale njira yofanana payekha.

Ntchito yake ndi iyi. Dimba likakhala la ngodya zinayi zowongoka, mumachulukitsa mulitali ndi mulifupi, nkhani yatha. Nanga dimba la m'mbali mwa Bua, kumene mtsinje wakhota n'kudya malire? Pamenepo chingwe chokha sichithandiza. Mumalidula m'maganizo kukhala timizere topyapyala, kamzere kalikonse mukayeze ngati kowongoka, kenako muphatikize. Timizere tikamachepa, yankho limayandikira zoona. Integration imaphatikiza timizere tosawerengeka nthawi imodzi, popanda kuponda matope.

Tiyeni tiyese. Malire owongoka ndi mamita 6, ndipo mbali yokhotayo ikutsata y = 6x − x², pamene x ndi mtunda wotsata malire owongokawo, y ndi mulifupi wa dimba pamalopo. Lamulo n'lalifupi: onjezani 1 pa pawa, kanambala ka pamwamba pa x (x yopanda kanambala pawa yake ndi 1), ndiye mugawe ndi pawa yatsopanoyo. Choncho 6x ikhala 6x² kugawa ndi 2, ndiyo 3x². Nayo x² ikhala x³ kugawa ndi 3. Tsopano ikani 6 pamene pali x. 3 kuchulukitsa ndi 36 ndi 108. 216 kugawa ndi 3 ndi 72. Chotsani 72 pa 108, patsala 36. Mukaika 0 simupeza kanthu, ndiye dimbalo ndi masikweya mita 36. Agogo apo akugwedeza mutu, aona kuti palibe matsenga.

Kumene ana amatayira malikisi n'kwina. Funso likakhala lopanda malire, loti palibe "kuyambira 0 mpaka 6", yankho limafuna + C kumapeto. Chifukwa chake, 3x² + 5 ndi 3x² + 100 zonse zimabala 6x mukachita differentiation, masamu otembenuza integration, pakuti nambala yoima payokha imasanduka ziro. Ndiye pobwerera simungadziwe nambala imene inalipo, C amaimira yosowayo. Mwana amene wamva chifukwachi saiwala C, koma woloweza amaiwala chaka ndi chaka. Chenjeraninso ndi 1 kugawa ndi x. Pawa yake ndi −1, mukaonjeza 1 mupeza ziro, ndipo kugawa ndi ziro n'kosatheka. Imeneyo ili ndi njira yakeyake.

Makolo, musati poti sindinafike Fomu 4 ndilibe chonena. Mwana akati wamaliza, muuzeni abwerere, achite differentiation pa yankho lake la asanaike manambala pamene pali x, inu mukuona. Ikatuluka samu imene anayamba nayo, wakhoza. Ikatuluka ina, asagone, afufuze pamene anaphonya, kawirikawiri pamakhala pa minus.

Inu ana, lembani iyi: y = 4x − x², kuyambira 0 mpaka 4. Yankho lake si nambala yathunthu, musaope. Mubwere nalo Lolemba.