Ephippium: kachikwama ka mazira a nthata za m'madzi

[Pa sikirini: dontho la madzi a padziwe, pansi pa maikulosikopu]

Takulandiraninso anzanga. Taonani kanthu aka kakudumphadumphaka, dzina lake ndi Daphnia, ambiri amangoti nthata ya m'madzi chifukwa cha kadumphidwe kakeko, koma si nthata ayi ndipo sikaluma munthu, ndi kachibale ka nkhanu. Zambiri sizipitirira mamilimita 5, ndipo thupi lake ndi loonekera mkati moti mtima mukuwuona ukugundawo ndi wake.

Tsono yang'anani kumsanaku. Timipira tobiriwirati ndi mazira, ndipo palibe yaimuna yomwe yakhudzidwa ndi nkhani imeneyi. Zinthu zikakhala bwino, ndere zodya zilipo zambiri, madzi ndi ofunda, yaikazi imangobereka ana aakazi okhaokha ofanana ndi iyo ndendende, anawo patangopita masiku ochepa nawonso ayamba kubereka, ndiye dziwe limadzadza mwachangu zedi.

Koma dziwe silikhala pabwino mpaka kale. Chakudya chimachepa, zimachulukana mpaka kupanikizana, masana amayamba kufupika kapena madzi akuphwa. Apa ndi pomwe zazikazi zina zimayamba kubereka ana aamuna, zina n'kupanga mazira a mtundu wina omwe amafunika umuna.

[Pa sikirini: Daphnia yokhala ndi chigamba chakuda kumsana]

Chakuda ichi ndiye ephippium, zikachuluka amati ephippia. Ndi chigoba chake chomwe cha mayiyo, mbali yokuta malo osungira mazira ija imakhuthala, imalimba, n'kuda chifukwa cha melanin, yemweyu amene amadetsa khungu la munthu, ndipo amathandiza kutchinga dzuwa. Maonekedwe ake ngati chishalo cha pa hatchi. Mwa Daphnia mkatimo mumakhala mazira awiri basi, onani timadontho tiwiri takudato. Mayiyo akamafundula chigoba, kachikwamako kamachoka nako limodzi, iye n'kumapitiriza moyo wake.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi choti dziralo limakhala litayamba kale kukula kenako limangoima, phee, kudikira. Dziwe liume mpaka kung'aluka, lili moyo. Madzi aundane, lili moyo. Bakha alimeze n'kukalitulutsa kwina, ena amatulukabe amoyo. Tina timayandama n'kumamatira ku nthenga za mbalame, tina timauluzika ndi mphepo limodzi ndi fumbi, ndiye mukadabwa kuti dziwe longokumbidwa kumene Daphnia zalowamo bwanji, njira zake ndi zimenezi. Madzi akabwerera, kuwala ndi kutentha zikafika pake, dziralo limaswa, ndipo chotulukamo ndi chachikazi, chomwe chimayambiranso kubereka chokha.

Koma sikuti onse amaswa nthawi imodzi ayi. Ambiri amamira n'kukwiririka ndi matope a pansi pa nyanja, chaka chino matope ena pamwamba, chaka chamawa enanso, ndiye kumakhala mdima ndi kuzizira, palibe chowadzutsa. Asayansi amalowetsa chipaipi pansipo n'kutulutsa matope osasokonezeka, apamwamba ndi atsopano, apansi ndi akale, amadziwa zaka za gawo lililonse, kenako amatola ma ephippia aja n'kuwaika powala. Ena amaswadi.

[Pa sikirini: mapu, nyanja ya Constance]

Ku nyanja ya Constance, yomwe ili pakati pa Germany, Switzerland ndi Austria, madzi anaipa kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 chifukwa cha phosphorus, mchere womwe umakulitsa ndere, wochokera ku suweji ndi sopo wochapira, ndiye ndere zina zapoizoni zotchedwa cyanobacteria zinachuluka. Mu 1999 Nelson Hairston ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza ataswetsa mazira a zaka zosiyanasiyana. Daphnia zonse zomwe zinatulukamo anazidyetsa ndere zoipazo. Daphnia zochokera m'matope a nthawi yomwe madzi anali asanaipe kwambiri zinkavutika kukula, pomwe za pambuyo pake zinkapirira bwino. Tangoganizani, agogo ndi zidzukulu zawo za kutali zili moyo tsiku limodzi mu labu imodzi, ukuziyerekeza maso ndi maso, si zongoyerekeza kuchokera ku mafupa izi.

Za ku America ndiye zinanyanya. Mu 2014 Dagmar Frisch, Lawrence Weider ndi anzawo analengeza kuti aswetsa mazira a Daphnia pulicaria ochokera pansi pa South Center Lake ku Minnesota, ena mwa iwo a zaka pafupifupi 700. Inde, 700. Oswa a msinkhu umenewo anali ochepa kwambiri, dzira likamakalamba mwayi umachepa, komabe anaswa n'kuyamba kubereka. Ndipo zakalezo zinkasunga phosphorus m'thupi mosamala kuposa za masiku ano, zomwe zakulira m'madzi odzadza ndi michere yokokoloka kuchokera m'minda kuyambira pomwe ulimi waukulu unafika m'derali kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.