Makalata a omvera: za tsiku la 6 Julayi

Moni nonse, kuyambira ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni mpaka ku Lunzu. Makalata ambiri a sabata ino akukamba za 6 Julayi, ndiye tisachedwe.

Mnyamata wa ku Zingwangwa akufunsa ngati mtsogoleri wakale wa dziko la America George W. Bush ndi katswiri wa mafilimu Sylvester Stallone anabadwadi tsiku limodzi. N'zoona achimwene, onse awiri pa 6 Julayi 1946. Dalai Lama, mtsogoleri wa chipembedzo wa ku Tibet, nayenso ndi wa tsiku lomweli, koma mu 1935. Mkangano wa pabawo uja mwapambana, anzanuwo musawaseke kwambiri.

Tsopano kalata iyi yachokera kwa agogo aakazi a ku Chileka. Akuti: "Ndinafunsa adzukulu anga kuti pa 6 Julayi panachitika chiyani. Wina anati ndi tsiku lobadwa 50 Cent, wina anati ndi tsiku losapita kusukulu. Ine ndinali kamtsikana pamene ndege ija inatera kwathu kuno. Mtima unandiwawa mpaka nsima inandikanika."

Agogo, kalata yanuyi yandilasa mtima. Mdzukulu wanu sananame ayi, woimbayo anabadwadi pa 6 Julayi 1975. Koma mwana wa pa Chileka penipeni osadziwa zomwe zinachitika pakhomo pake? Ana inu, tcherani khutu. Pa 6 Julayi 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chaka chisanathe, pa 3 Malichi 1959, atsamunda anamumanga n'kukamutsekera ku Gweru, m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, ndipo tsiku lomwelo anthu anaphedwa ndi mfuti ku Nkhata Bay. Chitaganya chinatha mu Disembala 1963. Pa 6 Julayi 1964 dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira, mwambo wake unali muno mu Blantyre, pa bwalo lomwe lero timati Kamuzu Stadium, Prince Philip ali pomwepo. Pa 6 Julayi 1966 tinakhala lipabuliki.

Zowawa nazo ana azimva, tisawabisire. Itangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Masauko Chipembere zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo zinathawira kunja. Msewu womwe mumadutsa pa minibasi popita ku Limbe, pomwe pali chipilala cha ufulu pa Chichiri, ndi wa dzina la Chipembere yemweyo.

Makolo anzanga, mundilole ndikudzudzuleni pang'ono. Sabata ndi sabata mumalemba kuti ana a masiku ano sadziwa kanthu. Nanga munawauza liti? Foni imacheza nawo tsiku lonse, ife tikafika panyumba n'kungofunsa ngati atunga madzi. Agogo, inu munaona ndi maso anu zimene ife tinangowerenga m'mabuku. Madzulo ano akhazikeni pamphasa, muwauze kuti munaima pati, amayi anavala chiyani, anthu ankaimba bwanji. Mukatero mutilemberenso, tidzawerenga pano.

Bambo a ku Machinjiri, inde, dziko la Comoros nalo limakondwerera ufulu wake pa 6 Julayi, linachoka m'manja mwa France mu 1975.

Aphunzitsi a ku Chirimba akutikumbutsa kuti pa 6 Julayi 1885 katemera wa chiwewe yemwe anapanga wasayansi wa ku France Louis Pasteur anabayidwa koyamba kwa mwana wa zaka 9 yemwe analumidwa ndi galu, ndipo mwanayo anapulumuka. Zikomo aphunzitsi. Eni agalu nonse, katemera akafika m'dera lanu, tengani chingwe mukabayitse.