Tsamba la bambo, tsamba la mayi

Eya, achemwali, mukundimva? Ndimati mugule kope lolembamo za thanzi la makolo athu, koma za bambo ndi za mayi musazilembe pa tsamba limodzi ayi. Akukalamba mosiyana anthuwa. Padziko lonse akazi amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 5 kuposa amuna, koma zambiri mwa zaka zowonjezerazo n'zodwaladwala: nyamakazi, mafupa ofooka, kuiwalaiwala. Amuna amatsogola msanga, mtima, sitiroko. Ndipo zimasintha izi, ku UK kusiyanaku kwakhala kukuchepa kuchokera m'ma 1970, amuna ambiri atasiya fodya.

Ndiye tsamba la bambo. BP kaye. Powayeza, akhale pansi mphindi 5, mapazi pansi, mkono pa tebulo, asalankhule. Asalankhule, ndabwereza dala, chifukwa bambo aja mukuwadziwa. Ikamafika 140/90 masiku angapo, kuchipatala. Muziwafunsanso kuti usiku amadzuka kangati kukataya madzi, komanso ngati mkodzo ukutuluka movutikira. Ndi prostate imeneyo nthawi zambiri, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo. Inuyo sangakuuzeni, tumani alamu akawafunse. Paja panali abambo ena tinkagwira nawo ntchito, mankhwala a BP anasiya okha, amvekere "ine ndili bwinobwino". BP sipweteka, ndiye vuto lake. Lero dzanja limodzi silikugwira.

Kwa mayi... ayi dikirani, BP ndi onse awiri, musati ndanena bambo okha. Onse. Koma mayi muwaimike pakhoma kamodzi pachaka, mulembe chizindikiro pamwamba pa mutu. Mzimayi akasiya kusamba mafupa amayamba kutha mphamvu msanga, moti mmodzi mwa akazi atatu opitirira zaka 50 amadzathyoka fupa chifukwa cha zimenezi, amuna mmodzi mwa asanu. Akamafupika, msana ukamapindika, mukauze adokotala. Pansi pasamakhale poterera, usiku pakhale kuwala.

Tsopano apa pokha mvetserani, pamenepa ndi pomwe zinativuta ndi azakhali. Tonse timadikira munthu agwire pachifuwa, ululu utsikire mkono wamanzere. Kwa akazi mtima umatha kubwera mwanjira ina: kubanika, nseru, thukuta lozizira, kutopa kosadziwika bwino, kupweteka kwa nsagwada kapena msana pakati pa mapewa. Azakhali ankangoti ndi chilungulira, tikumawapatsa mankhwala a m'mimba usiku wonse. Nsagwada anazitchula, anazitchuladi, dzanja lili patsaya chonchi, ife n'kumati dzino. Kunali kuyamba kwa matenda a mtima kumeneko. Ndiye mayi akadzati nsagwada, kapena mpweya ukuwathera ali chikhalire, musadikire kuti kuche, musayambe kufufuza za dzino, nyamukani nthawi yomweyo.

China, ndikanaiwala, mayi akangokhala duu osafuna kucheza, chakudya osachifuna, lembaninso zimenezo m'kopemo ndi tsiku lake. Mukamapita nawo kuchipatala kopelo muzilitenga.