Makamera akale omwe anajambula amayi akusesa ndi kunyamula ndowa

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikambe za zithunzi zakale heavy, za nthawi yomwe vidiyo kunalibe, anthu akufuna kuona kuti kodi thupi limapanga chani kwenikweni munthu akamasesa, akamanyamula ndowa kapena akamayala bedi.

Tiyambe ndi Eadweard Muybridge, bambo wa ku England yemwe anakakhala ku America. Ambiri amamudziwira pa hatchi, mu 1878 ku Palo Alto, ku California, anandanditsa makamera 12 m'mbali mwa njira mpaka anaonetsa kuti hatchi ikamathamanga pamakhala kamphindi koti miyendo yonse inayi ili m'malere. Koma chintchito chachikulu anachigwira ku University of Pennsylvania mumzinda wa Philadelphia kuyambira 1884, ndipo mu 1887 anatulutsa buku lotchedwa Animal Locomotion, mapepala 781 a zithunzi zotsatizana.

Ndiye taonani apa. Kumbuyo kwa munthuyo ankaikako mizere yopingasana ngati ya mukope la masamu kuti aziyeza kuti mkono wafika pati, chiuno chapindika bwanji, kwinaku makamera akujambula kutsogolo, pambali ndi kumbuyo nthawi imodzi. Amuna ankawajambula akulimbana, akusula zitsulo, akuponya mpira, pomwe akazi ambiri anawapatsa tsache, ndowa, jagi ya madzi kuti akwere nayo masitepe. Ine chimandipweteka n'choti akazi ambiriwo anawajambula ali maliseche kapena atavala kansalu kopyapyala, komanso sikunali kunyumba kwawo ayi, kanali kabwalo kojambulira basi. Komabe mukaziona bwinobwino zithunzizo mumaona msana ukuwerama, phewa limodzi likutsika ndi kulemera kwa madzi, zinthu zoti diso palokha silingazigwire chifukwa zimachitika mwachangu.

Amene anazitengadi ntchito zapakhomo ngati ntchito yeniyeni ndi mayi Lillian Gilbreth a ku America, katswiri wa kagwiridwe ka ntchito. Iwo ndi amuna awo a Frank ankamangirira timababu ting'onoting'ono ku zala za wantchito, n'kusiya kamera yotsegula kwa kanthawi, ndiye pachithunzi pankatuluka mzere wowala wosonyeza monse mwadutsa dzanja, mpaka kuoneka kuti apa dzanja lazungulira pachabe, apa labwerera kawiri. Izi ankapangira mafakitale. A Frank atamwalira mu 1924 anawasiyira ana 11, ndipo makampani ambiri sankafunanso kulangizidwa ndi mzimayi ngakhale anali ndi PhD, ndiye mayiwa nzeru zonse zija anangolowa nazo mukhitchini.

Mu 1929 anakonzera kampani ya gasi ya ku Brooklyn, mumzinda wa New York, khitchini yoti mbaula, pokonzera ndiwo ndi posungira ziwiya zikhale moyandikana, wophika angotembenuka osati kumangoyendayenda ngati wataya ndalama. Ankanenanso kuti kutalika kwa tebulo kuzigwirizana ndi msinkhu wa wophikayo, zomwe aliyense amene anatsukapo mbale chowerama mpaka msana kuuma angazimvetse. Atayesa kuphika keke yofanana mukhitchini yakale ndi yatsopano, mapazi oponda anatsika kuchoka pa 281 kufika pa 45. Keke imodzi yokha imeneyo, tangowerengani nokha kuti munthu wophika katatu patsiku chaka chonse amayenda mtunda wautali bwanji osatuluka m'nyumba.