Kukonza maphunziro a pa tchuthi a aphunzitsi a mbiri kuno ku Nkhotakota

Aphunzitsi anzanga a History, Social Studies, Chichewa ndi Bible Knowledge, muli bwanji nonse? Uthengawu ndi wautaliko, choncho khalani pansi ndi cholembera.

Ena mwakhala mukutumizirana nkhani ya maphunziro a ku America a m'miyezi ya June ndi July, amene amalipiridwa ndi bungwe la National Endowment for the Humanities. Bungweli ndi la boma la America, linakhazikitsidwa mu 1965, ndipo maphunzirowo ndi a aphunzitsi a kwawoko. Mphunzitsi wa ku Linga kapena ku Dwangwa sangatengedwe, ndiye musataye bandulo yanu podzaza mafomu. Chimene tingatengereko ndi kachitidwe kawo. Amasonkhanitsa aphunzitsi kwa sabata imodzi pa malo enieni pamene zinthu zinachitikira, amawapatsa katswiri ndi zolembedwa zakale, ndiye aliyense amabwerera ndi phunziro lokonzeka kale. Anzathu a masamu ndi sayansi ali ndi SMASSE, pulogalamu yosula aphunzitsi a maphunziro amenewo. Ife tikhoza kudzikonzera zathu, ndipo malo tili nawo pakhomo pomwe.

Yambani ndi funso limodzi lokha. Pempho la ndalama lolembedwa kuti "kupititsa patsogolo kaphunzitsidwe ka mbiri" limakanidwa chifukwa wowerenga saona chimene akulipirira. Lembani chonchi: malonda a akapolo ndi minyanga anasintha bwanji Nkhotakota kuchokera pamene Jumbe Salim bin Abdullah, wamalonda wa Chiswahili, anafika, cha m'ma 1840, kufikira ulamuliro wa ma Jumbe utatha m'ma 1890? Kenaka sonyezani mutu wa m'silabasi umene funsolo likuyankha, ndi fomu yake.

Aphunzitsi asapitirire 25, masiku akhale asanu. Akachuluka, oyankhula amakhala atatu omwewo, enawo maso ali pa foni. Sankhani ndi kalata: aliyense alembe tsamba limodzi kunena mutu umene umamuvuta m'kalasi ndi chimene adzachite akabwerera. Mukangouza mahedi kuti atumize munthu, kudzabwera amene ali pafupi ndi ofesi, mwina wophunzitsa masamu. Onetsetsaninso kuti a ma CDSS akumidzi ndi aphunzitsi aakazi alimo.

Za masiku, yang'anani kaye kalendala ya MANEB. Aphunzitsi odziwa ntchito ambiri amaitanidwa kukachonga mayeso pa tchuthi chachikulu, ndiye mukagundanitsa masikuwo mudzapeza mipando ili yokha. Kalata ipite ku divishoni ya Central East, ku Kasungu, miyezi iwiri nthawi isanakwane, ndipo ina ipite kwa mfumu ndi kwa atsogoleri a mzikiti ndi a tchalitchi. Lachisanu masana musaike ulendo uliwonse, anzathu Achisilamu amakhala ku swala.

Tsopano sabatayo. Lolemba ndi lowerenga. Gawani masamba ochepa a zimene David Livingstone analemba za kuno, ndipo aphunzitsi afunse kuti analemba ndani, amalembera yani, nanga mawu a ndani akusowa. Lachiwiri pitani pa mtengo wa mkuyu ku mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pamene amati Livingstone anakumana ndi Jumbe. Apa pali phunziro lokoma kwambiri. Livingstone anadutsa kuno koyamba mu 1861, n'kubweranso mu 1863, koma zolembedwa zina zimati 1864. Musawauze yankho. Apatseni zonse ziwiri, afufuze okha kuti akhulupirire chiti komanso chifukwa chake, popeza ntchito ya mbiri ndi imeneyo, ndipo ana athu sitiwaphunzitsa kawirikawiri. Mukatero lowani m'tchalitchi cha All Saints, m'mene muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Tsikirani ku gombe kumene zombo zinkanyamukira kuwolokera kutsidya, pa ulendo wopita ku Kilwa, doko la ku Tanzania. Zokwera bwato zisiyeni, miyezi imeneyi ndi ya mwera.

Lachitatu ndi la akuluakulu a m'mudzi, ndipo apa mpofunika kusamala. M'gulu mwanumo, ngakhalenso m'makalasi mwathu, muli zidzukulu za ogula, za ogulitsa ndi za ogulitsidwa. Funso lakuti "anagulitsa anthu ndani?" limatseka pakamwa pa agogo nthawi yomweyo. Funsani kuti, "Agogo, makolo anu ankasimba zotani za nthawi ya Jumbe?" Pitani awiriawiri, mmodzi kufunsa, wina kulemba. Pemphani chilolezo musanajambule mawu, ndipo auzeni kumene mawuwo adzapite. Musadutse ola limodzi, akuluakulu amatopa.

Lachinayi aliyense alembe phunziro la mphindi 40 lokhala ndi umboni umodzi wolembedwa ndi umodzi wapakamwa, loti liphunzitsike m'kalasi ya ana ochuluka yopanda magetsi. Lachisanu m'mawa aliphunzitse pamaso pa anzake. Setifiketi musapereke tsiku limenelo, dikirani mpaka munthu ataphunzitsa ku sukulu kwake mu teremu yoyamba n'kubweretsa ntchito za ana.

Nkhani ya ndalama ndi imene imapha maphunziro ambiri. Alawansi ikadya bajeti yonse, mudzasowa pepala lomwe. Ikani padera poyambirira ndalama za fotokope, za galimoto ya Lachiwiri, za katswiri, ndi kangachepe kothokozera agogo. Thiransipoti bwezani molingana ndi mtunda, chifukwa wochokera ku Dwambazi sangalandire mofanana ndi wa pa boma pompano. Anthu asayine m'mawa ndi madzulo, apo ayi ena adzasayina n'kulowera ku msika. Malisiti onse asunge munthu mmodzi, ndipo lipoti lipite kwa opereka ndalama pasanathe masabata awiri. Mukachedwetsa, chaka chamawa sadzakuyankhaninso.

Amene akufuna kulowa mu komiti yolemba pempholi auze hedi wa sukulu yotsogolera kalasita yake sabata ino, ndipo abwere atawerenga kale silabasi. Zikomo kwambiri.