Bwana wa loji ku Kabulonga wandidyera thukuta

Muli bwanji anthu akwathu, a ku Chawama, Kanyama, Mtendere, ndi inu amene mukumvera muli ku Joni. Mawu akamatuluka mokalipa mundikhululukire, ndangotsika minibasi mtima ukadali m'mwamba.

Ndikuchokera ku Kabulonga, kuno ku Lusaka, kwa bwana wina wa loji amene ndinamuikira ma AC (makina oziziritsa mpweya) m'zipinda zake. Kuboola makoma, kukoka mapaipi a kopa, kuchita vacuum (kuchotsa mpweya m'mapaipi), zonse ine ndi mnyamata wanga. Anandipatsa theka, yotsalayo akuti mwezi ukatha. Lero ndapita kukatenga, wandikokera kuseri kukandionetsa makina amodzi oti sakulira. Ndatsegula chivundikiro, fungo la waya wopserera landilandira, capacitor (kachida kothandiza makina kulira) yatupa ngati chitumbuwa, kompresa (mtima wa makinawo) yapsa. Amenewo ndi magetsi abale, gasi alibe mlandu. Akathima tsiku lonse n'kubwera mwamphamvu usiku, chilichonse chimene chinasiyidwa choyatsa chimalawa moto. Ndinamuuza tsiku loyamba kuti tigule voltage protector, kachida koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, pa makina alionse, iye amvekere ndikufuna kumudyera. Lero wasintha nyimbo, akuti ndinathira gasi wa R410A wachinyengo. Nditangokweza mawu pang'ono, latuluka funso lija tonse timalidziwa: “Iwe, permit uli nayo?”

Imeneyo ndiye yandiwawa kuposa ndalama. Pogwira ntchito padzuwa, uli pamwamba pa makwerero, ndiwe “ba engineer”. Tsiku lolipira ndi pamene amakumbukira kuti unadutsa pa boda ya Mwami kuchokera ku Malawi. Mapepala anga ali bwinobwino, ntchitoyi ndinaiphunzira ku Lilongwe ndisanamere ndi ndevu, koma munthu akakufunsa choncho pamaso pa antchito ake, malovu amauma.

Achinyamata amene mukubwera kumene, mverani mkulu wanu. Musamagule makina kapena gasi ndi ndalama yanu. Mtengo wa silinda umatsatira dola, lero wina mawa wina, ndiye ukapereka quotation n'kudikira mwezi, phindu lonse lathera m'sitolo. Mwini ntchito agule yekha katundu, iwe ulipiritse manja. Akakana protector, alembe yekha pa WhatsApp kuti wakana. Ndipo musanyengeke ndi geti lalitali ndi agalu onenepa. Amayi a butchala ku Matero, cold room ikangozizira, amakuwerengera ndalama pomwepo nyama ikuona. Awa a m'mipanda yamagetsi ndiye a “bwerani mawa”.

Kumbukirani 2024 muja, chilala chitaphwetsa madzi ku damu la Kariba komwe amapangira magetsi, magetsi ankabwera maola ochepa chabe patsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Vacuum pump imafuna magetsi, kuyesa makina kumafuna magetsi. Tinkachita kubwereka jenereta, mafuta ochokera m'thumba mwathu, kasitomala n'kumati bwanji mwakweza mtengo. Ena anathawa ntchitoyi n'kuyamba kuika ma solar. Ine ndinakakamira, ndipo mafiriji opsa a chaka chimenecho ndi amene anafolera malata nyumba ya amayi ku Mchinji.

Komanso ntchito yathuyi ndi ya nyengo. Okutobala foni siipuma, aliyense akufuna ufike lero lomwe. Juni ndi Julayi ziii. Umawauza kuti AC yomweyi imatenthetsanso chipinda, dinani apa pali kadzuwapa, amangoseka n'kukoleza mbaula. Miyezi imeneyo ndi imene ndimalakalaka kwathu, kukhala pamoto ndi mbatata yootcha, koma lendi sadziwa kuti kukuzizira.

Za bwana uja musade nkhawa, zithunzi za capacitor ndajambula, ndipo Okutobala akubwera, adzandifuna yekha. Ngati pali amene akukwera basi ya ku Chipata Lachisanu, andiimbire, ndili ndi kaphukusi ka amayi.